Boxer, TVS kapena Lifo? Zomwe akabaza a mu Blantyre amakanganirana kwenikweni

Mukafuna kuyambitsa phokoso pa siteji ya akabaza, kaya ndi pa Kameza, pa Chinseu ku Ndirande olo ku Bangwe, simukuyenera kutukwana munthu ayi, ingofunsani kuti amwene ndikufuna kugula njinga, yabwino ndi iti. Wa Boxer ayamba nkuseka kaye kuti funso limenelo ndi la mwana, wa TVS alowapo kuti Boxer inali kale akulu pano ikungodyera dzina, nde anyamata a njinga za ku China, Lifo, Kinglion, Sanlg ndi Senke, omwe masiku onse amanyozana okhaokha, tsiku limenelo amakhala pamodzi nkumati inu a njinga za ku India ndinu amatama chabe, ife ndalama yathu inabwerera kalekale inu mukadali kuzemba mwini ngongole. Kasitomala amatha kuima pompo ndi jumbo yake kusowa womunyamula anthu ali pa mtsutso. Ndipo musaone ngati ndi macheza wamba, munthu amakwiya zenizeni, poti njinga imeneyo ena anagulitsa chimanga cha chaka chonse, ena anatenga ngongole ku banki mkhonde kudzera mwa madamu awo, nde ukati njinga yakoyi ndi chitini iye amamva ngati wamunena kuti alibe nzeru.

Ine mmene ndimaonera, mkanganowu sumatha chifukwa mbali zonse zikunena zoona, kungoti aliyense akuwerengera ndalama ya m'thumba losiyana. Koma tisanafike ku ndalamako tiyambe taona chitsulocho, poti ambiri amakangana akuyang'ana utoto ndi masitika pomwe nkhani ili pansi pa thanki.

Njinga zambiri za ku China zomwe zikuyenda mu Blantyre muno, makamaka zija saizi ya injini yake ndi 125 ndi 150 cc, injini yake ndi ya mtundu umodzi, ndipo si a China anaiyambitsa. Inachokera kwa Honda. Mu 1974 a Honda anatuma anthu awo kumaiko monga Thailand, Indonesia, Philippines ndi Pakistan kuti akaone mmene anthu akugwiritsira ntchito njinga kumeneko, ndipo zomwe anakapeza mukazimva mungaganize kuti anafika pa Mbayani. Njinga imodzi anthu atatu anayi, katundu pamwamba, fumbi lokhalokha, oyilo osasinthidwa mpaka kuda bii nkuyamba kulimba, munthu kupita kwa makaniko pokhapokha njinga itakaniratu kulira. Mmalo mowauza anthuwo kuti asinthe khalidwe, a Honda anangopanga injini yoti ipirire khalidwe lomwelo, nde mu 1975 inatuluka CG125. Ku Pakistan mpaka lero akupangabe.

Chinsinsi chake chili apa. Pamutu pa injini pali mavalavu awiri, ina yolowetsa mafuta ndi mpweya, ina yotulutsa utsi, ndipo pamafunika chinthu chowatsegula pa nthawi yake, chomwe ndi kamu. Pa CG kamu ili pansi, kufupi ndi kirankishafuti, komwe kumakhala oyilo, imazungulira ndi giya basi, kenako pali tizitsulo tiwiri towongoka, mapushirodi, tomwe timakwera kukakankha mavalavu kumwambako. Tayimingi tcheni palibe. Ndiye kuti oyilo olo atachepa olo atada, kamu ija ikadali pamalo ponyowa, ndipo chinthu chimodzi chomwe chimavutitsa pa injini zina, tcheni kutalika kapena kudumpha, apa kulibiretu. Makaniko wa pansi pa mtengo wa mango ali ndi sipanala zitatu ndi sikuludiraiva atha kuiphwasula m'mawa, masana njinga ili pa msewu. Kuipa kwake nako kulipo ndipo eni ake amakudziwa olo amakana pagulu. Imalira mwaphokoso, mavalavu amafuna kutchunidwa pafupipafupi, ukaikoka kwambiri imanjenjemera moti kuchoka pa Kameza kukafika ku Lunzu manja achita dzanzi, ndipo mafuta imamwako ndithu.

Boxer ndi TVS HLX nzosiyana. Kamu ili pamwamba pa mutu penipeni, imayendetsedwa ndi tayimingi tcheni kuchokera pansi. Injini yotere imalira mofatsa, siyinjenjemera kwambiri, ndipo makampani a ku India anaitchuna kuti izidya mafuta pang'ono chifukwa kwaoko munthu asanafunse china chilichonse amayamba wafunsa kuti lita imodzi imayenda mtunda wautali bwanji. Koma imafuna ulemu. Oyilo akuyenera kupopedwa kukafika kumutu, nde ukamazengereza kusintha, kapena ukamathira oyilo woyezera m'mabotolo uja wosadziwika komwe wachokera, kamu ndi marokala zimadyeka, tcheni chimatalika nkuyamba kusokosera, ndipo bilu yake ikabwera umakhala pansi kaye. Nde wa Lifo akamati yanga siyifa chisawawa, akunena zoona. Wa Boxer akamati yanga ndimayenda nayo tsiku lonse osatopa komanso osabwererabwerera pa filing'i, akunenanso zoona. Zilipo za China zina za tayimingi tcheni, monga zija za injini yogona za 110 zomwe zinatengera Honda Cub, koma pa siteji zomwe zimayambitsa ndewu ndi izi ndatchulazi.

Kanthu kena kaphindu. Pa njinga ya ku China taweramani muone nambala yomwe inadindidwa pa injini chakumunsi. Nthawi zambiri imakhala ndi zinthu ngati 157FMI kapena 162FMJ. Si zokongoletsa zimenezo. 1 woyambayo akutanthauza silinda imodzi, 57 kapena 62 ndi kukula kwa bowo la pisitoni mu mamilimita, F ndi injini yozizira ndi mphepo, M ndi ya njinga yamoto, nde chilembo chomalizacho ndi saizi, H ndi 110, I ndi 125, J ndi 150, L ndi 200. Dzina la Lifo kapena Senke mulibemo mmenemo. Nchifukwa chake pisitoni, maringi, gasiketi, mapuleti a kilachi, kabureta, nthawi zambiri zimalowana pakati pa njinga zomwe eni ake amatukwanizana kuti yanga ndi yabwino kuposa yako. Ndipo mukaona thanki yalembedwa 150 ndi zilembo zikuluzikulu koma injini ikuti FMI, khulupirirani injiniyo, sitika mwana aliyense atha kumata.

Tsopano mawu omwe a Boxer amakonda kwambiri ndi oti za China nzokopera. Inde nzokopera, palibe wokana. Mzinda wa Chongqing ndi komwe kunaphukira makampani akuluakulu a njinga, Lifan yomwe anayambitsa Yin Mingshan mu 1992, Zongshen chaka chomwecho, Loncin mu 1993, ndipo onsewa anakulira pa mainjini otengera a Honda. A Lifan anafika pogulitsa njinga zolembedwa Hongda, a Honda anakasuma ndipo mu 2004 khoti la ku Beijing linawalamula kuti asiye dzinalo. Koma wa Boxer asaseke kwambiri. Boxer yeniyeniyo itatuluka mu 1997 inkatchedwa Kawasaki Bajaj Boxer, poti a Bajaj a ku Pune luso la njinga zotere anaphunzira kwa Kawasaki ya ku Japan. TVS nayo inayenda ndi Suzuki kuyambira 1982 mpaka 2001. Kusiyana kwake nkoti a ku India anachita kusainirana mapepala nkulipira, a ku China ambiri anangogula njinga imodzi nkuiphwasula nkuyamba kuyeza. Ndipo a Japan omwe lero tikuwaona ngati makolo a zonse, nawonso azungu a ku Britain ankawaseka kuti amapanga tinjinga ta ana, mpaka Honda inatulutsa CB750 mu 1969, patangopita zaka zochepa BSA, kampani yaikulu ya njinga ku Britain konko, inagwa. Lero Norton, dzina lalikulu la ku Britain, ndi ya TVS, anaigula mu 2020. BMW G310 imapangidwa ku fakitale ya TVS ku Hosur, ku India. Ma KTM Duke ang'onoang'ono amapangidwa ndi Bajaj ku Chakan. Loncin yomwe ija inafika popanga mainjini a BMW, ndipo Haojue imapanga njinga za Suzuki ku China konko. Nde madala aja amatulutsa njinga zikuluzikulu Loweruka nkumakathamanga msewu wa Zomba atavala zikopa thupi lonse, akamaseka akabaza kuti mukukwera za amwenye, ena mwa iwo akhalira chitsulo chochokera m'fakitale yomweyo kkkk.

Vuto lenileni la za China si kukopera ayi. Vuto ndi loti dzina la pa thanki nthawi zambiri ndi la wamalonda amene waoda, osati la fakitale. Munthu amapita ku China nkunena kuti ndikufuna njinga zakuti pa mtengo wakuti mundilembere dzina ili, nde fakitale imamupangira molingana ndi ndalama yake, ukalipira bwino akuikira mabeyaring'i abwino, mawaya okhuthala, chitsulo cholimba, ukanenerera kwambiri akuchotserako apa ndi apo komwe maso saona. Nchifukwa chake anthu awiri atha kukhala ndi njinga za dzina limodzi, wina yake yatha zaka ikugwirabe geni, wina yake miyezi yochepa magetsi afa felemu yang'aluka, nde onse awiri akamachitira umboni pa siteji palibe akunama. Ku India kampani ndi yomweyo, fakitale ndi yake, dzina ndi lake, nde Boxer yomwe wagula iwe ndi yomwe wagula mnzako zimakhala zofanana. Ndalama yoonjezera ija kwenikweni umagula chimenechi, kudziwiratu chomwe uli nacho. Palinso nkhani ya kumanga. Njinga zambiri zimabwera m'makatoni zili zidutswazidutswa, amamanga ndi anyamata kuseri kwa shopu, mwachangu poti amalipidwa pa njinga iliyonse yomwe amanga, girizi osapaka mabauti osamangitsa, nde ukaphatikiza ndi kunjenjemera kwa injini ya pushirodi kuja, sabata yoyamba yomwe wayamba kutola mabauti mumsewu wa Machinjiri. Anthu ochenjera akagula yatsopano amayamba adutsa nayo kwa makaniko wao kuti aimangenso bwinobwino asananyamule munthu.

Tsopano ndalama, pomwe pagona nkhani.

Akabaza si onse eni njinga. Pali amene anagula yekha ndipo amayendetsa yekha. Pali amene amayendetsa ya bwana, kaya ndi mphunzitsi, wapolisi, mayi wa geni mu Limbe, ndipo amapereka tageti pa tsiku kapena pa sabata, yotsalayo ndi yake. Ndiye pali a kontirakiti, amene amagwirizana kuti ukapereka ndalama yakuti kwa miyezi yakuti njinga isanduka yako. Anthu atatu amenewa akamati njinga yabwino sakunena chinthu chimodzi.

Woyendetsa ya bwana mafuta amagula yekha. Chilichonse chomwe chalowa mu thanki chachoka pa ndiwo za ana ake. Tiyerekeze chabe, munthu amayenda makilomita 120 pa tsiku, njinga ina imamupatsa makilomita 45 pa lita, ina 35. Yoyambayo idya malita osakwana 3, yachiwiriyo pafupifupi 3 ndi theka. Zikuoneka zochepa eti, koma pa masiku 26 a ntchito kusiyanako ndi malita pafupifupi 20, ndipo pa mtengo wa K2,530 pa lita womwe MERA inalengeza mu Novembala 2023 imeneyo ndi ndalama yoposa K50,000 pa mwezi. Munthu ameneyu ukamuuza kuti njinga yotchipa pogula ndiye yabwino akuyang'ana modabwa, poti kutchipa kumeneko anadyerera ndi bwana, iye akulipira pa pampu tsiku ndi tsiku. Ndipo nthawi ya mizere ya mafuta ija, pomwe munthu umagona pa filing'i kapena kugula wa m'zigubu pa mtengo wowawa, lita iliyonse yopulumuka inali ulendo wina woonjezera.

Bwana naye ali ndi masamu ake. Iye mafuta sakumukhudza. Chomwe akuona ndi ndalama yomwe watulutsa tsiku logula ndi kuti ibwerera liti, komanso akudziwa, olo asanene, kuti mnyamata amene wamupatsayo saisamala ngati yake, oyilo azisintha mochedwa, azinyamula matumba a makala atatu bwana ali ku ofesi, mwinanso tsiku lina angozimitsa foni. Nde bwanji aike ndalama zambiri pa chinthu choti chikazunzidwe? Kuli bwino agule yotchipa, ya injini ija inapangidwira anthu osasintha oyilo, ikabweza ndalama yake nkupindulako aigulitse agule ina. Ngati ndalama ya njinga imodzi ya ku India ukaonjezerapo pang'ono ikukwana ziwiri za ku China, ndiye kuti matageti awiri pa tsiku mmalo mwa imodzi, ndipo ina ikagwidwa ndi apolisi inayo ikugwirabe ntchito. Munthu ameneyu si wopusa ayi.

Wa kontirakiti ndi amene amavutika mumtima. Miyezi yonse yolipira amafuna njinga yosadya mafuta, komanso akufuna kuti tsiku lomwe idzakhale yake idzakhale ikadali njinga osati chigoba, nde ameneyu ndi amene mumamuona akupukuta marimu m'mawa uliwonse, kusintha oyilo pa nthawi yake, kukana katundu wolemera. Ambiri oterewa amakokera ku Boxer ndi TVS, chifukwanso pogulitsa zimagwira mtengo. Koma chinthu chogwira mtengo chimakopanso akuba, ndipo nkhani za akabaza ochitidwa chipongwe usiku ndi anthu onamizira kukhala makasitomala tonse timazimva. A njinga za China amaponya mawu amenewa mwanthabwala, kuti yanga ndimaimika panja pa bala palibe amaiyang'ana, koma zoona zake akuba satola dzina, yomwe yapezeka amatenga, poti ya China ikaphwasulidwa masipeya ake amalowa pa njinga iliyonse ndipo amatha tsiku lomwelo.

Apa tafika pa masipeya, pomwe ine ndimaona kuti mkangano wonse umasanduka nthabwala. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madola kumabanki osapezeka, nde chilichonse chochokera kunja chinakwera ndipo china chimangosowa. Za China zinapulumukira pa kulowana kuja, ukasowa sipeya ya dzina lako umagula ya dzina lina nkulowa, ndipo ogulitsa ndi ambiri, mu Limbe, mu msika wa Ndirande, ngakhale pa tigolosale ta kumudzi umapeza pulagi, kebulo ya kilachi ndi tcheni zili pambali pa sopo. Za Boxer ndi TVS nazo zikupezeka masiku ano, koma zili pawiri, pali orijino ndi zinazo. Ukafika pa kauntala amakufunsa kuti mukufuna iti akulu, yeniyeni kapena yotchipa, nde kabaza amene wapanga ndalama yochepa tsiku limenelo, bwana akudikira tageti, mukuganiza atenga iti? Amatenga yotchipayo, yomwe nthawi zambiri yachokera ku China konko. Chaka chino sipuroketi ndi tcheni, chaka chamawa maringi ndi pisitoni, kenako kabureta, CDI (kabokosi kopereka moto ku pulagi), mashoko. Pofika zaka zitatu Boxer ija yatsala thanki, felemu ndi dzina, zamkati zambiri ndi abale ake a Lifo, koma mwini wake akadali kutsogolo pa siteji kunyoza za China. Ndipo ikayamba kuvuta amati Boxer za masiku ano si zakale zija, osakumbuka zomwe waikamo yekha.

Amakaniko nawo amathira mafuta pa moto. Makaniko amayamikira njinga yomwe amaidziwa. Amene anaphunzirira pa injini ya pushirodi akaona tayimingi tcheni amayamba kunena kuti njinga izi nzovuta, akalakwitsa tayimingi ndi dzino limodzi njinga nkumafooka pa chitunda mlandu umapita kwa kampani. Winanso amene anazolowera Boxer amanyoza za China chifukwa ulusi wa mabauti ake umatha msanga ukamanga mwamphamvu. Nde poti kabaza aliyense ali ndi makaniko wake amene amamukhulupirira kuposa m'bale wake, zonena za makanikoyo zimasanduka chiphunzitso cha siteji yonse. Mukaona siteji ina yadzaza mtundu umodzi wa njinga, fufuzani, mupeza kuti pafupi pali shedi ya makaniko amene amaudziwa bwino mtundu umenewo, kapena munthu woyamba kugula njinga dera limenelo zinamuyendera nde ena onse anangotsatira.

Malo nawo amalankhulapo. Blantyre si Lilongwe, kuno ndi mapiri, Ndirande, Soche, Bangwe, Mpingwe, Michiru, ndipo makasitomala ambiri amakhala kumtunda komwe minibasi siyifika. Pa chitunda cha miyala uli ndi mayi wonenepa bwino ndi thumba la ufa kumbuyo, liwiro lilibe ntchito, chofunika ndi mphamvu ya pansi pa giya wani ndi thu, ndipo apa 150 iliyonse imaposa 125 kaya ndi ya dziko liti, nde mikangano ina yomwe anthu amati ndi ya Boxer ndi Lifo kwenikweni ndi ya 150 ndi 125. Namondwe wa Freddy atagumula misewu ndi milatho mu Malichi 2023, madera ngati Chilobwe ndi Manje anthu anadalira kwambiri njinga, ndipo misewu yokumbika ngati imeneyo ndi yomwe imaonetsa kusiyana kwa masipoko ndi marimu a aloyi. Sipoko ikapindika amawongola, rimu ya aloyi ikamenya mwala nkusweka ndiye kuti kagule ina. Onyamula katundu, makala ochokera cha ku Chileka, mbuzi zopita ku msika wa Lunzu, makireti a zakumwa, iwowa amayang'ana felemu ndi mashoko, ndipo pafupifupi onse amakawotcherera kaliyala wina ku Ndirande, ena mpaka kuonjezera mashoko kukhala anayi. Ikathyoka felemu apo, dzina la kampani lilibe mlandu, palibe injiniya ku Pune kapena ku Chongqing amene anawerengera matumba amenewo.

Pali kagulu kena kachete komwe kamangomwetulira anthu akamakangana, a Yamaha ndi Honda zenizeni za ku Japan. Awa ndi alangizi a zaulimi, a zaumoyo, ogwira ntchito m'mabungwe, ndi anyamata a Riders for Health aja amanyamula magazi ndi makhololo kuchoka ku zipatala zing'onozing'ono kupita nazo ku labu. Yamaha AG200 inapangidwira alimi a ku Australia ndi New Zealand, nchifukwa chake tcheni chake ndi chotsekeredwa kuti matope asalowe, ili ndi sitandi mbali zonse ziwiri ndi makaliyala kutsogolo ndi kumbuyo. DT125 ija ya utsi wa buluu ndi two stroke, injini yowotcha oyilo pamodzi ndi petulo, imafuna oyilo wa 2T, pa phiri imakwera mosangalatsa koma mafuta ndiye imamwa osati masewera. Njinga zimenezi zimakhalitsa zoona, koma anthu amaiwala chifukwa china chachikulu, zimapita ku sevisi pa kalenda, isanawonongeke, ndipo woyendetsa ndi mmodzi yemweyo amene anaphunzitsidwa kuyang'ana oyilo ndi tcheni m'mawa uliwonse. Ikagulitsidwa pa okushoni nkulowa kabaza, sipeya yoyamba yomwe ifunike mtengo wake umamupangitsa mwini watsopanoyo kuyamba kufunsa makaniko ngati injini ya China ingalowe pa felemu imeneyo. Ndipo imalowa, akawotcherera mabulaketi.

Mbali ya mkanganowu yomwe ine imandinyansa ndi ya liwiro. Anyamata kumapikisana pa Chipembere Highway usiku kuti tione ya ndani ikoka, mawa lake nkumadzitama pa siteji kuti ndinamusiya pa Chichiri. Njinga zonsezi, ya India ndi ya China yomwe, zambiri mabuleki ake ndi a dramu, matayala ndi opyapyala, zinapangidwira kunyamula anthu pa liwiro la m'tauni. Sindinamvepo siteji ikukangana kuti ya ndani imaima msanga, pomwe funso lofunika ndi limenelo, makamaka pa mvula uli ndi anthu awiri kumbuyo opanda zipewa ukutsetsereka ku Zingwangwa. Amene anagonako ku wodi ya mafupa ku Queens akudziwa kuti kumeneko mitundu yonse ya njinga ili ndi nthumwi zake. Palinso kanthu ka magiya komwe kamagwetsa anthu osinthana njinga, zina za China magiya ake ndi ozungulira, ukafika pa giya yomaliza nkupondanso umapezeka uli pa nyutirolo, kupondanso kachiwiri walowa wani uli pa liwiro, tayala lakumbuyo nkugwira. Wozolowera Boxer akabwereka ya mnzake osafunsa amazidziwira pansi.

Nde mukandifunsa ine kuti ndigule iti, ndiyamba ndakufunsani kuti ayendetse ndani. Ngati muziyendetsa nokha tsiku lonse m'tauni muno, mafuta ogula nokha, ndipo ndinu munthu woti oyilo muzisintha pa nthawi yake, limbani mtima muonjezere ndalama mutenge ya ku India, kaya Boxer kaya TVS, ziwirizi kusiyana kwake nkochepa kuposa mmene eni ake amakokomezera, ingoonani kuti masipeya orijino a iti akupezeka pafupi ndi inu. Ngati mukugulira mnyamata woti azikupatsani tageti, kapena njingayo ikakhala kumudzi kutali ndi Limbe komwe makaniko ndi mmodzi, ya China ya pushirodi si yochititsa manyazi, bola mufunse amakaniko awiri atatu kuti katundu amene wabwera chaka chino wa dzina limenelo ali bwanji, poti wa chaka chatha sakuuzani kanthu.

Ndipo iliyonse yomwe mwasankha, mapepala muwaone musanapereke ndalama. Njinga zambiri zotchipa modabwitsa zimakhala zolowa kuchokera ku Mozambique, cha ku Mwanza kapena ku Muloza, zina zodutsira njira zachidule osaonana ndi a MRA. Yopanda pepala la msonkho ku Road Traffic sakulembetserani, yopanda nambala puleti inshuwalansi simupeza, nde tsiku lomwe apolisi achita chipikisheni kapena mwagunda munthu, kutchipa konse kuja kumathera pompo. Pa yogula kwa munthu, nambala ya pa injini ndi ya pa felemu zifanane ndi zomwe zili pa pepala, ndipo ngati pamalo pa nambala pakuoneka popalidwa kapena popakidwa utoto watsopano, bwererani. Layisensi nayo ili pawiri, A1 ndi ya njinga zosapitirira 125, kuposa apo pamafunika A, nde amene mukulimbikira 150 chifukwa cha zitunda za ku Bangwe mukakhale mukudziwa kodi yomwe mukukalembetsa ku sukulu yoyendetsa.